Dayale ya mwana sidziwa za mawa

Kwa zaka zambiri, buku lolembedwa mosaphonya m'dera la Chamama linali la ngongole. Pa esiteti ya fodya kalaliki ankalemba tsiku ndi tsiku kuti tenanti wakuti watenga ndowa ya chimanga, sopo, mchere. Mabelo akagulitsidwa ku okushoni, bukulo ndilo linkagamula ngati banja litsale ndi kanthu kapena libwerere kwawo chimanjamanja. Lamulo la 2021 linathetsa utenanti, koma mbiri ya nyengoyo inatsala m'zolemba za mabwana. Za ana amene ankasoka fodya m'zigafa, manja ali bii ndi utomoni, mabukuwo sanena kanthu.

N'chifukwa chake kupatsa mwana wa kuno kope kuti ayambe dayale si chibwana cha ana a m'tauni. Vuto ndi lakuti madayale ambiri a ana amafera pa tsamba lachitatu. Loyamba limati: ndinadzuka, ndinasesa, ndinasamba, ndinapita kusukulu. Lachiwiri chimodzimodzi. Pofika lachitatu mwana waona yekha kuti akubwereza, ndipo kope lasanduka la masamu.

Luso loyamba la dayale lagona pa kusankha. Wolemba dayale waluso amatola chinthu chimodzi chimene dzulo kunalibe, n'kuchiyang'anitsitsa. Mwana akalemba kuti "tinagwira ntchito kumunda", sanapereke kanthu. Koma akalemba kuti pookera fodya bambo anawerenga mbande kawiri, n'kukhala chete mpaka kunyumba, kumene amayi anapakula nsima osafunsa, walemba nkhani yathunthu ya nazale imene yaperewera, ngakhale iye mwini sanaimvetse. Kholo kapena mphunzitsi asafunse kuti "Lero wachita chiyani?" pakuti yankho lake ndi mndandanda uja. Afunse kuti "Waona chiyani chimene sunachionepo?" kapena "Ndani wanena mawu amene akukuvutabe?"

Chitsanzo chabwino chili pafupi. William Kamkwamba wa ku Wimbe, m'buku lake la 2009 lotchedwa The Boy Who Harnessed the Wind, limene analemba ndi Bryan Mealer, anafotokoza ulendo wake wa panjinga kukagula chimanga ku ADMARC ya pa Chamama m'njala ya 2001 ndi 2002: mzere wautali, kukankhana, mantha akuti chimanga chitha iye asanafike pa sikelo. Ndimezo n'zamphamvu chifukwa cha tinthu tating'ono timene maso a mnyamata anagwira. Komabe bukulo si dayale. Linalembedwa makina ake amphepo atatchuka kale, choncho wowerenga amadutsa m'njalayo akudziwa kuti kutsogolo kuli magetsi. Mwana wolemba mu Januwale, nkhokwe ili gwaa, sadziwa ngati chimanga cha kumunda chicha. Kusadziwako ndiko kumene palibe wolemba wamkulu angakubwezeretse pambuyo pake, ngakhale akhale katswiri chotani. Ndiye tsiku, mwezi ndi chaka pamwamba pa tsamba si zokongoletsera. Zimamanga mawuwo pa nthawi imene mathero anali asanadziwike.

Chachiwiri ndi womvera. Anne Frank analandira dayale pa 12 Juni 1942, tsiku limene anakwanitsa zaka 13, ndipo ali kobisala ku Amsterdam ankalembera mnzake womupeka dzina lake Kitty. Zlata Filipović wa ku Sarajevo, m'nkhondo ya ku Bosnia, yake anaitcha Mimmy. Njira imeneyi imagwira kwambiri kwa mwana wokulira m'nthano, amene anazolowera kuti wosimba amafuna womuvomera. Akhoza kulembera agogo ake amene anatisiya, kapena achimwene ake amene ali ku Joni. Chiganizo chimasintha pompo, chimayamba kumveka ngati kucheza. Msampha ulipo umodzi: mwana angagwere m'kalata ya kusukulu, n'kutha theka la tsamba ndi malonje a "ine ndili bwino, kaya inu". Malonjewo angowadumpha.

Mdani wamkulu ndi cholembera chofiira. Aphunzitsi ena, ndi mtima wabwino ndithu, amatolera madayale Lachisanu n'kuwachonga ngati chimangirizo. Kuyambira pamenepo mwana amalembera aphunzitsi, ndipo amakhala mwana womvera amene sakwiya, sachita nsanje, sajomba. Zoona zimathawa. Kalembedwe ka mawu kakonzedwe m'phunziro la Chichewa. M'dayale mwana alembe m'chilankhulo chimene amalota, ngakhale asakanize ndi Chingerezi kapena Chitumbuka cha kwa amayi ake. Akafuna kuwerengera ena, asankhe yekha tsamba.

Izi sizitanthauza kuti dayale sikonzedwa. Mu Malichi 1944 Anne Frank anamva pa wailesi nduna ya dziko la Netherlands, Gerrit Bolkestein, ikupempha anthu kusunga madayale ndi makalata a m'nkhondo. Iye anayamba kulembanso yake pa mapepala ena, kuchotsa zina, kukulitsa zina. Anali mkonzi wa zolemba zake zomwe, ndipo chidwicho chinabwera atalemba kale pafupifupi zaka ziwiri popanda womuchonga.

Za zipangizo anthu amadandaula mopitiriza. David Livingstone, mapepala ndi inki zitamuthera ku Nyangwe mu 1871, analemba dayale pa nyuzipepala yakale ndi inki yopangidwa ku njere za zipatso, ndipo akatswiri anatha kuiwerenganso mu 2011 pogwiritsa ntchito makina ojambula apadera. Kope lotsala la chaka chatha likwanira.

Chovuta chenicheni pa Chamama ndi posungira. M'gowelo mogona ana anayi mulibe chinsinsi, denga limadontha, chiswe sichisankha, ndipo pepala loyera m'dera la fodya lili ndi ntchito ina: amalume amang'amba tsamba kuti apichire chingambwe. Kholo lofuna kuthandiza lipeze jumbo yolimba ndi kachitini kotsekeka, liuze onse a pakhomo kuti kope limeneli lili ndi mwini wake, ndipo nalonso lisatsegule mwana akapita kudambo.