Wapaulendo Atipatse Malonje, Osati Zithunzi Zokha

Mwezi watha kwathu kwa Mpama, ku Chiradzulu, tinalandira mnyamata wapachibale amene amagwira ntchito ku Durban. Titamuyalira mphasa, agogo anati, "Tipatseni malonje, amuna anga." Iye anatulutsa foni n'kuyamba kusuntha zithunzi ndi chala. Pa chithunzi china anali ataima kutsogolo kwa kachisi wa Ahindu wa ku Chatsworth. Agogo atafunsa za m'katimo, anangoti, "N'kokongola zedi." Malonje anathera pomwepo.

Nthenda imeneyi yalowanso m'nkhani za maulendo zimene timawerenga m'nyuzipepala ndi pa Facebook. Munthu wapita ku Durban, ku Delhi kapena ku Mumbai, wabwerako ndi mndandanda wa malo ndi mawu atatu: kukongola, kudabwitsa, kuchititsa kaso. Zimandipweteka mtima! Mawu amenewa saonetsa kanthu. Amangotiuza kuti wolembayo anali ndi ndalama ya ndege.

Luso lofotokoza ulendo sitinaliphunzire kwa azungu. Ndi malonje. Wopereka malonje amayambira pa tsiku limene ananyamuka, amatchula mtsinje umene anaoloka, amene anakumana naye, chimene anadya, mpaka womvera amve ngati fumbi la njirayo lili kumapazi kwake. Legson Kayira, amene ananyamuka wapansi mu 1958 kukafuna maphunziro ku America, timamuwerengabe chifukwa buku lake la I Will Try limatiyendetsa naye limodzi.

Chinsinsi cha malonje, ndipo apa sindigonja, n'kuyambira kumapazi. Pa khomo la kachisi wa Ahindu aliyense amavula nsapato. Wolemba wabwino ayambire pamenepo. Kodi mwala unali wozizira kapena wotentha? Kenaka khutu: belu limene olowa amaliza. Kenaka mphuno: lubani ndi maluwa. Wansembe akabweretsa nyali, anthu amayandikiza zikhato ku lawi la moto n'kudzipaka kumaso. Pozungulira malo opatulika amawasiya kudzanja lamanja. Potuluka amakuninkha kachakudya kamene kanaperekedwa nsembe, kotchedwa prasad. Taonani kuchuluka kwa nkhani, tisanatchule n'komwe mawu oti kukongola! Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo wodekha yekha ndi amene angaone mayi akuweramitsa mutu wa mwana wake pamaso pa Ganesha, mulungu wawo wa mutu wa njovu.

Akatero, wolemba afanizire ndi za kwathu, chifukwa womvera amamvetsa chachilendo kudzera m'chimene akuchidziwa. Wa ku Chiradzulu sangadabwe ndi kuvula nsapato: amaona nsapato pa khomo la mzikiti Lachisanu lililonse. Ngakhale mawu oti kachisi ndi athu akalekale; makolo ankathira nsembe m'kachisi Baibulo lisanafike, ndipo wa Mbona ku Khulubvi, ku Nsanje, alipobe.

Mapazi omwewo amakufikitsa ku mbiri. Kachisi wa ku Chatsworth uja, wa Sri Sri Radha Radhanath, anatsegulidwa mu 1985. Nanga Amwenye anapezeka bwanji kumeneko? Oyamba anafika ku Durban mu 1860 pa sitima ya Truro kudzagwira ntchito m'minda ya nzimbe, ndipo zidzukulu zawo zinasamutsidwira ku Chatsworth ndi malamulo atsankho. Mmalawi wa ku Durban, amene nayenso anasiya kwawo chifukwa cha ntchito, angalephere bwanji kumva kanthu pamenepo?

Olemba ena amakonda kutiuza mitengo ya mahotela. Imeneyo ndi ntchito ya otsatsa malonda. Ena amaima panja pa kachisi n'kugamula kuti Ahindu amapembedza mafano, osafunsa ngakhale funso limodzi. Amenewa ndiwo amandikwiyitsa koposa, chifukwa ndi m'mene alendo ena ankalembera za Gule Wamkulu, gule yemwe UNESCO inadzamulemekeza mu 2005. Sikuti wolemba asiye chikhulupiriro chake ayi. Koma ayambe waona, afunse, kenaka alankhule.

Ku kachisi wamkulu wa Akshardham ku Delhi, amene anatsegulidwa mu 2005, salola kulowa ndi foni kapena kamera. Kumeneko ndiye kumadziwikira wolemba weniweni, pakuti amatuluka ndi zokhazo zimene maso, makutu ndi mapazi ake zasunga.

Inu achinyamata ofuna kulemba, musadikire ndege. Kuchoka kwa Mpama kupita ku Limbe ndi ku Blantyre ndi ulendo waufupi wa minibasi, ndipo akachisi a Ahindu aliko. Pitani, pemphani chilolezo mwaulemu, vulani nsapato, foni ikhale m'thumba. Mukabwerako, khalani pamphasa mufotokozere agogo. Akakufunsani funso lachiwiri ndi lachitatu, dziwani kuti nkhaniyo yapsa, tengani cholembera.