ZITHUNZI ZOKONGOLA NDI MABALA OBISIKA

Aliyense amene adayendapo mu Victoria Avenue, mumzinda wa Blantyre, adaonapo zithunzi za utoto zimene anyamata amayala m'mphepete mwa msewu kuti agulitse. Apa dzuŵa likuloŵa panyanja, apo msodzi ali m'bwato, uko amayi atatu asenza mitsuko. Luso lilipo ndithu, ndipo sitinganyoze munthu amene akupezera ana ake ufa ndi burashi. Koma tikayang'anitsitsa timaona kuti zithunzizi zidajambulidwira mlendo wodutsa, woti akapachike pakhoma kwawo. M'menemo simupezeka munthu wolira.

Apa ndipo pagona dandaulo lathu. Tikatukula maso tili m'tauni momwemo timaona phiri la Soche. M'mwezi wa Malichi 1923 ukadakhala kale tikadati ndi nthano, koma ndi dzana lomweli, mu Malichi 2023, pamene namondwe wa Freddy adagumula phirilo, matope ndi miyala nkukwirira nyumba za ku Chilobwe. Chakudza sichiimba ng'oma. M'dziko lonse anthu oposa 600 adafa, ndipo ena oposa 500 sadapezeke. Maliro tidalira, misasa idatsekedwa, ana adabwerera kusukulu. Komabe alipo ana, ngakhale akulu, amene amadzidzimuka mvula ikayamba kugunda pamalata. Kodi luso lathu lojambula lili ndi mau anji kwa ameneŵa?

Kuti tiyankhe bwino, tiyeni tiyambe taona chithunzi china chakutali. Edvard Munch, mmisiri wa ku Norway, adataya mai ake ndi chifuŵa chachikulu mu 1868, iye ali ndi zaka zisanu. Mu 1877 mlongo wake Sophie adamwalira ndi nthenda yomweyo. Atakula adajambula chithunzi cha mwana wodwala: mtsikana wa nkhope yotuŵa watsamira mtsamiro, ndipo pambali pake mai wina wazolika mutu, walephera kumuyang'ana. Pakati penipeni manja ao agwirana, koma zala sizioneka bwino. Utoto wake ngwokandakanda, chifukwa Munch ankapaka, nkupala, nkupakanso.

Chithunzichi chitaonetsedwa mu 1886, ambiri adachiseka nati nchosamalizika. Ife tikuti osekawo adaphonya. Yense amene adakhazikapo matenda amadziŵa kuti chikumbumtima cha masiku otsiriza sichikhala chosalala: nkhope ya wokondedwa imabwera nkuzimirira, chotsala ndi dzanja lija tidaligwira. Zikande zija ndizo zoona za chithunzicho. Akadachisalaza chikadakongola, koma chikadanama. Ndipo Munch sadalekere pomwepo. Adachijambula kasanu ndi kamodzi pa zaka pafupifupi 40, monga munthu wobwerera kumanda kukalambula.

Wina angati izi nza Azungu. Iyayi. Mnansi wathu Malangatana Ngwenya wa ku Mozambique adamangidwa ndi apolisi achinsinsi a Apwitikizi mu 1964 nakhala m'ndende miyezi 18. Zithunzi zake nzodzaza nkhope zothithikana, maso otong'oka, mano ndi magazi. Si zopachika pamalo odyera, koma anthu a kwao adaonamo mantha amene sankatha kuwatchula poyera.

Nanga utoto umathandiza bwanji? Chisoni chachikulu nthaŵi zambiri chimasoŵa mau. Chimangozungulira m'mutu, chopanda poyambira ndi pothera. Munthu akachiika papepala chimakhala ndi malire. Angathe kuchiyang'ana ali pataliko, kuchipinda nkuchisunga, kapena kuonetsa mnzake popanda kufotokoza zonse. Manja akamagwira ntchito, mtima umayamba kukhazikika. Mngelezi wina wojambula, Adrian Hill, adazindikira zimenezi akuchira chifuŵa chachikulu m'chipatala, ndipo ndiye adayamba kutchula kujambula ngati njira yochizira mu 1942.

Tisakokomeze ai. Munch yemweyo adagonekedwa m'chipatala cha matenda a maganizo ku Copenhagen mu 1908, ngakhale adali atajambula zithunzi zambiri. Burashi siloŵa m'malo mwa dokotala. Munthu amene sakugona, sakudya, kapena akulankhula zodzichotsera moyo, tithamange naye kuchipatala cha Queen Elizabeth kapena china chili chonse chapafupi. Chithunzi chimangotsekula chitseko, oloŵa ndife.

Kuno kwathu mbeu idadzalidwa kale. Ku Chigumula, kufupi ndi Limbe, Mai Marie Da Silva adatsegula sukulu ya Jacaranda mu 2002 m'nyumba ya makolo ao, atataya abale ambiri ndi Edzi. Ana amasiye ophunzira kumeneko amaphunziranso kujambula, kuimba ndi kuvina. Nzeru imeneyi njoyenera kuyamikidwa, pakuti mwana wamasiye safuna phala ndi yunifolomu zokha. Afunanso poika zimene zili mumtima.

Choncho kwa amisiri athu tikuti: pitirizani kujambula nyanja, pakuti ana adye, koma patulaniko nsalu imodzi ya Chilobwe. Ndipo ife ogula tileke kuyesa chithunzi ndi kukongola kokha. Tizifunsanso kuti: kodi chikunena zoona?

Kwa makolo pempho lathu nlapafupi. Utoto ngwodula, koma khala la pamoto, choko ndi chikuto cha kope lakale zili m'nyumba ili yonse. Mwana akajambula nyumba yakugwa, kapena akadetsa pepala lonse ndi makala, tisamkalipire kuti waononga, tisamuuzenso kuti ajambule maluŵa. Tikhale naye pansi nkumfunsa modekha kuti, "Tandiuza, uyu ndani?" Akakhala chete, timleke, maŵa adzajambulanso. Ngati Munch zidamtengera zaka 40, mwana wa ku Chilobwe tisamŵerengere masiku. Ndipo akakhala kuti makolo ake adapita ndi matope aja, tikumbuke kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe.