Panda wa Lynne Truss ndi zikwangwani zathu za pamsika

Anzanga a m'gulu lino, sabata ino tikambeko za buku lachingerezi lomwe anthu amaligula kuti aseke, chonsecho nkhani yake ndi mpumiro, mpatuliro ndi nkhodolero. Eetu, zizindikiro zomwe zija zinkatipweteketsa mutu ku sekondale. Bukuli ndi Eats, Shoots & Leaves, analemba ndi mayi wa ku Britain, Lynne Truss, ndipo linatuluka mu 2003. Linayenda malonda ngati mandasi otentha, ku London mpaka ku America. Langa ndinachita kubwereka kwa mphunzitsi wina wa kuno ku Chisenga.

Mutu wa bukuli ndi nthabwala. Panda ndi nyama ya ku China, yonga chimbalangondo, ndipo imadya nsungwi. M'chingerezi mawu oti shoots amatanthauza mphukira, komanso kuwombera. Mawu oti leaves ndi masamba, komanso kuchoka. Ndiye akuti panda analowa m'malo odyera, n'kudya, n'kuliza mfuti, n'kumapita. Atamufunsa chifukwa chake anaonetsa buku lofotokoza za nyama momwe wina anaika mpatuliro pamalo olakwika. M'malo moti nyamayi imadya mphukira ndi masamba, chiganizo chinasanduka choti imadya, imawombera, n'kuchoka. Kachizindikiro kamodzi basi, wodya masamba wasanduka chigawenga.

Apa ndiye Truss anakhoza. Lamulo lomwe mwaloweza chifukwa choopa mkwapulo limauluka mukangotuluka m'chipinda cha mayeso. Koma chomwe chinakusekani chimakhala. Mukamva za panda kamodzi, simufunikanso wina wokuuzani kuti mpatuliro umasintha tanthauzo, mwazionera nokha. Komanso musaganize kuti ndi zamasewera chabe. Ku America, m'chigawo cha Maine, madalaivala a kampani ya mkaka ya Oakhurst Dairy anakasuma pa nkhani ya malipiro a maola owonjezera. Mu 2017 khoti linawakomera chifukwa lamulo la boma linalibe mpatuliro pamalo ena, ndiye linkamveka pawiri. Mu 2018 kampaniyo inavomera kulipira madola 5 miliyoni.

Koma pali pomwe bukuli limandiwawa, ndipo ndilankhula ngati munthu wa pamsika. Azungu ali ndi dzina la nkhodolero yoikidwa posayenera, amati greengrocer's apostrophe, kutanthauza nkhodolero ya wogulitsa ndiwo zamasamba. Ndi ija munthu amalemba tomato's pomwe akufuna kunena tomato wambiri, tomatoes. Mwaona yemwe amuika dzina? Sanasankhe loya kapena mtolankhani, omwenso amaphonya, asankha ife. Truss naye amatola zikwangwani zotere n'kumazilira ngati maliro, ndipo mutu waung'ono wa buku lake umalengeza kuti cholakwa sichikhululukidwa ngakhale pang'ono. Pamenepo kuseka kumasintha nkhope. Pa nkhani ya panda timaseka chiganizo tonse pamodzi. Pa chikwangwani cha tomato ena akuseka, wina akusekedwa.

Taganizani za mwana wa kuno ku Chitipa. Pakhomo mwina amalankhula Chilambya, Chindali, Chinyiha kapena Chisukwa. Pamsika amva Chitumbuka, ndipo kuno kumalire amvanso Chibemba kwa anzathu ochokera ku Zambia. Kusukulu akumana ndi Chichewa, kenako Chingerezi. Ndiye mwana wonyamula zilankhulo zinayi m'mutu azitchedwa mbuli chifukwa waika nkhodolero pa tomato? Chomwe chimamulepheretsa kawirikawiri ndi mantha. Anasekedwapo atakweza mkono m'kalasi, basi kuyambira tsiku limenelo pakamwa anatseka. Koma Chingerezi sichithawika: pa mayeso a MSCE, ukalephera phunziro limeneli MANEB sikupatsa satifiketi, ngakhale masamu ndi sayansi utakhoza bwanji. Nthabwala yowonjezera mantha pa mwana wotere ikumukankhira kuphompho.

Si ine ndekha ndinaona zimenezi. Mu 2004 Louis Menand analemba m'magazini ya The New Yorker kuti bukuli nalo lili ndi zolakwa za zizindikiro, kuyambira pa tsamba lomwe mlembi akulipereka kwa anthu, nkhani isanayambe n'komwe. Mu 2006 katswiri wa zilankhulo David Crystal anatulutsa The Fight for English, momwe akutsutsa mtima wa upolisi pa chilankhulo. Paja amati mutu umodzi susenza denga. Ngati wolemba buku lonse la mipatuliro amapunthwa, mayi wolemba mitengo ya katundu pa katoni ndi makala tingamuweruze bwanji?

Chosangalatsa n'chakuti mu 2006 momwemo Truss anatulutsa buku lina la ana la mutu womwewo, lokhala ndi zithunzi za Bonnie Timmons. M'menemo chiganizo chimodzi chimalembedwa kawiri, mpatuliro n'kusuntha, ndipo zithunzi ziwiri zimaonetsa kusiyana kwake. Palibe wolozedwa chala. Kwa ine limeneli ndiye linagwira ntchito yomwe lalikulu lija linalonjeza.

Ndipotu njira imeneyi sitifunika kuitanitsa kunja. Chichewa chili ndi a panda akeake. Lembani kuti ndaswa mbale, mayi angokukalipirani. Lembani kuti ndaswa m'bale, apolisi abwera. Ng'oma imaimbidwa pa gule, koma mukaiwala nkhodolero mwatenga ngoma, nyama ya nyanga zopotana, mukaimenye muone. Kapena tumizani uthenga pa WhatsApp woti tiyeni tidye, agogo, kenako muchotse mpatulirowo. Mwana akaseka zimenezi m'chilankhulo chomwe amachidziwa, mukamuonetsa its ndi it's sadabwanso. Amadziwa kale kuti kachizindikiro kakang'ono kamanyamula katundu wolemera, changosintha ndi chilankhulo.

Ndiye chigamulo changa ndi ichi. Bukuli mukalipeza liwerengeni, makamaka inu aphunzitsi ndi inu olemba ndakatulo ndi nkhani zazifupi m'gulu lino, chifukwa limakuchititsani kuyang'ana chiganizo chanu kawiri musanachitumize. Dziwaninso kuti nthabwala zake zambiri ndi za ku Britain, zina zikudutsani pamutu, musadandaule nazo. Tengani panda, mkwapulo musiyeni komweko. Ndipo wina akalemba molakwika muno, mufunseni mwanthabwala ngati akunena mbale kapena m'bale, m'malo momujambula n'kumufalitsa kuti dziko limuseke. Woyamba uja mawa alembanso. Wachiwiriyo mwamutaya.

Nanga inu, ndi chiganizo chiti cha Chichewa, Chitumbuka kapena chilankhulo cha kwanu chomwe chimatembenuka chifukwa cha chizindikiro chimodzi? Tiponyereni, tiseke, ana athu aphunzirepo.