Kodi Mawu a Anthu ndi Mawu a Mulungu? Za Utsogoleri wa Elon Musk pa Twitter

Pa 27 Okotobala 2022, Elon Musk anagula kampani ya Twitter pa mtengo wa madola 44 biliyoni, nanena kuti cholinga chake chinali kuteteza ufulu wa kulankhula pa bwalo limene anthu a mitundu yonse amakumanapo. Omuyamikira amati iye anamasula malilime amene anali omangidwa. Omudzudzula amati anasandutsa bwalo la onse kukhala khonde la nyumba yake. Ife tiyese utsogoleri umenewu pa zinthu ziwiri: choona ndi ulemu wa munthu.

Mu Novembala 2022 Musk anafunsa khamu la pa Twitter ngati n'koyenera kubwezera Donald Trump malo ake. Ovomera atachuluka pang'ono, iye analemba m'Chilatini kuti vox populi, vox Dei, ndiko kuti mawu a anthu ndiwo mawu a Mulungu. Koma kalekale Alcuin, polembera Mfumu Charlemagne, anachenjeza kuti onena mwambi umenewu asamamvedwe, pakuti phokoso la khamu siliri patali ndi misala. Ndipo tonse tikumbukira kuti Pilato naye anafunsa khamu, nasamba m'manja. Mtsogoleri amene atula chiweruzo pa chiwerengero cha manja okwezedwa wathawa udindo wa chikumbumtima chake. Chodabwitsa n'chakuti mwezi wotsatira, mwini yemweyo anayamba watsekera kunja atolankhani angapo osafunsa khamu lija. Ndipo pamene anthu 57.5 mwa 100 alionse anati atule pansi udindo, anapereka mpando kwa Linda Yaccarino mu Juni 2023, koma ndodo yeniyeni inatsala m'dzanja lake.

Chachiwiri ndi cha antchito. Pasanathe masabata awiri chigulire kampaniyo, pafupifupi theka la antchito 7,500 linachotsedwa, ambiri pongolandira uthenga wa pa kompyuta. Omuikira kumbuyo akhoza kunena kuti kampani inali kutaya ndalama, ndipo mfundo imeneyi si yachabe. Komabe Papa Yohane Paulo Wachiwiri, mu kalata yake ya Laborem Exercens ya 1981, anaphunzitsa kuti ntchito ya munthu iposa chuma, ndipo wantchito si chipangizo chotaya chikatha ntchito.

Kwathu bwalo siligulidwa. Mfumu imakhala pa bwalo chifukwa eni mbumba anailonga, ndipo imaweruza itamva nduna zake, pakuti mutu umodzi susenza denga. Bwalo la Twitter, limene linatchedwa X mu Julayi 2023, linapeza mwini, koma silinapeze nduna zoti zimuletse.

Tisaloze chala kutali kokha, abale. Wansembe naye amalandira bwalo limene sanalimange: guwa, gome lolalikirapo, ndi bungwe la parishi. Tsiku limene adzafunsa akhristu maganizo pa zimene wagamula kale, kapena kutseka pakamwa womudzudzula, adzakhala atachita zomwezo, ngakhale alibe dola ndi limodzi lomwe m'thumba.