Nkaya, Mphambano ya Njanji

Gundani ng'oma! Gundani mpanje, mbalule iyankhe, amayi aimbe nthungululu, pakuti lero tikutchula Nkaya.

Nkaya wa ku Balaka, mwana wa chigwa cha Shire, wokhala pakati pa milambe ndi minda ya thonje. Nkaya nkhalamu yogona pamphambano, yomwe ikabangula pakati pa usiku mbale zimalira pathandala. Nkaya njovu yachitsulo, ikaponda nthaka imanjenjemera. Nkaya mchombo wa njanji za Malawi!

Ndiwe chimphona cha manja anayi. Dzanja lina laloza kummwera, ku Blantyre ndi ku Limbe. Lina laloza kumpoto, kudzera pa Balaka, Chipoka ndi Salima, n'kukhotera ku Lilongwe mpaka ku Mchinji. Lina laloza kotulukira dzuwa, laoloka Shire pa Liwonde, latuluka pa Nayuchi, lakasamba m'nyanja yamchere ku Nacala. Lina laloza kolowera dzuwa, ku Moatize kwa eni malasha. Ndi mudzi uti wina umene ungatambasule manja chotere?

Ndiwe gogo woona zakale. Unaona 1935, chaka chomwe mlatho wa Dona Ana unalumpha Zambezi, njanji n'kufika kunyanja kuchokera ku Blantyre. Unaona sitima yautsi ikupuma wefuwefu, moto uli m'mimba, mbuzi zikuthawira kuthengo. Unaona 1970, pamene njanji ya ku Nacala inaphuka m'nthiti mwako. Lero ukuona mabogi a malasha atandondozana, mutu wadutsa kale koma mchira sunaoneke, paulendo wa makilomita 912 wochokera kumgodi kukafika kudoko.

Ulemu kwa agogo osenza zitsulo, amene anayala njanji padzuwa loswa mtengo, mapewa ali matuza okhaokha. Ulemu kwa woyendera njanji mbandakucha, nyundo paphewa, khutu lili tcheru kumva pamene chitsulo chalira mwachilendo. Ulemu kwa amayi a malichero, othamangira mazenera a sitima ndi mandasi, nthochi ndi nzimbe, chenje chomangidwa pansonga ya chitenje. Ndalama imeneyo ndiyo inagula kope, ndiyo inasoketsa yunifolomu.

Tsopano kwezani ng'oma, manja apse, pakuti tafika pamwini ulemu: sukulu ya pulayimale ya pamudzi pano!

Sukulu mkuyu wa mthunzi waukulu. Sukulu chitsime chosaphwa m'chilimwe. Sukulu phiri la Mulanje pakati pa zulu, namkungwi wa zilembo, ng'anjo yosulira akatswiri. Sukulu youmbidwa ndi manja a makolo, abambo pachikombole, amayi mitsuko pamutu. Sukulu imene inatsegula chitseko mu 1994, fizi itathetsedwa, ana n'kusefukira ngati Rivirivi wa mu Januwale, osavala nsapato ndi ovala omwe, pomwe aphunzitsi anali owerengeka.

Taonani mwana wa Sitandade 1, wagwada pamchenga, lilime lili kunja, akulemba dzina lake ndi chala. Taonani mnzake waima patali ndi njanji, akuwerenga mabogi mokweza: makumi awiri, makumi atatu, wasokoneza, wayambanso. Masamu ake oyamba ndi amenewo! Taonani mphunzitsi, ngwazi ya choko, waima pabolodi mawu ali pakamwa, akudikira kuti chiphokoso cha sitima chidutse. Chikangotha, apitiriza pomwe anasiyira, osataya ndi liwu limodzi lomwe. Ameneyo ndiye dalaivala wathu, ndipo dzina lake liyenera kutchulidwa pabwalo pamaso pa mafumu.

Ine ndinena mosapsatira: malasha ndi a eni ake. Amabwera usiku, amapita usana, amatisiyira fumbi ndi phokoso. Katundu wa Nkaya weniweni ali m'kalasi, wakhala pansi, kope lili pabondo. Katundu wa Nkaya ndi mtsikana wa Sitandade 8 wowerenga ndi tochi, mayeso a MANEB ali pakhomo, mtima uli kusekondale. Katundu wa Nkaya ndi mnyamata wobayibitsa sitima lero, amene mawa adzakhale pampando wa kumutu kwake. Mwa amenewa mudzatuluka namwino, mudzatuluka womanga milatho, mudzatuluka mphunzitsi wobwerera kwawo.

Nkaya wobala njira! Nkaya wobala ana! Nkaya wa mabelu awiri, la pasiteshoni ndi la pasukulu! Nkaya mtsinje wachitsulo wosauma, nkhalamu yolera ana ake pamphambano, mudzi womwe sitima ya kulikonse siingaulambalale!

Mafumu, imirirani. Makolo, mangani m'chiuno, umbaninso njerwa. Inu a njanji, mukamadutsa pano lizani hutala mwaulemu, pakuti mukudutsa pakhomo pa ana athu. Ndipo mawa belu la sukulu likalira, pasapezeke mwana ndi mmodzi yemwe wotsala kumunda kapena pasiteshoni ndi lichero pamutu. Onse akalowe m'kalasi!