Za Maso a Makina ndi Alonda a ku Manchester

Abale, tawerenga buku limene woweruza wa ku England, Sir John Saunders, analiturutsa pa 17 June 2021, ndipo tifuna kuliyesa pamaso panu. Ndilo loyamba la mabuku atatu ofotokoza tsoka limene linagwa pa Manchester Arena, nyumba yaikuru ya zoimba ndi masewera, usiku wa pa 22 May 2017. Anthu ngati 14,000, ambiri a iwo ana, anasonkhana kudzamva Ariana Grande alikuimba. Pakuturuka iwo, nthawi iri 10.31, mnyamata dzina lace Salman Abedi anaphulitsa bomba limene analisenza m'thumba la kumsana, napha anthu 22. Wamng'ono mwa iwo anali wa zaka 8.

Tsono nyumbayo sinasowe maso. Inali ndi makamera ambiri, ndiwo makina opacikidwa m'makoma ndi kudenga, amene atumiza zithunzi zoyenda ku cipinda cimodzi, kumene munthu akhala pansi napenya makomo onse nthawi imodzi. Kuika makinawa kuli ndi mwambo wace. Woika ayenera kuyenda nyumba yonse, naima m'ngodya iri yonse, nafunsa mnzace wa kucipinda kuja kuti, Kodi undiona? Pamene mnzaceyo ayankha kuti iai, pomwepo ndi pobisala mdani. Mwini munda amanga cilindo, koma anyani aphunzira msanga mbali imene cilindoco sicipenya.

Cotero cinacitika. Pakhomo lina panali bwalo lofolera lochedwa City Room, pamene makolo anali kulindira ana ao. Pamwamba pace panali khonde lokwera ndi makwerero, ndipo mbali yina ya khondelo kamera sinafikepo. Eni nyumba, a SMG, sanautseke mpata umenewu. Koma Abedi, amene anayamba wadzazonda masiku a m'mbuyo, anaupeza. Anakwera pa 9.33, nakhala pamenepo pafupifupi ora lathunthu. Eni nyumba anayesa kuti alonda a Showsec akwera kukaona khondelo anthu asanaturuke. Alondawo anayesa kuti nchito yao ithera pansi pa makwerero. Sanakwere munthu.

Amene anamuona ndi bambo wina wodzatenga mwana. Iye anamfunsa cimene cinali m'thumbamo, ndipo posakhutira ndi mau ace, anauza mlonda wa zaka 19, nthawi iri 10.15. Mlondayo sanacoke pakhomo pace. Atapita mphindi anauza mnzace wa zaka 18, amene anayesa kuitana cipinda ca makamera pa wailesi ya m'manja, koma mau ace sanafike, nacoka. Mnyamatayu anabvomera pabwalo kuti anaopa kulakwa ndi kunenedwa wosankha mitundu. Kuyambira mau a bambo uja kufikira bomba panapita mphindi 16.

Bukuli tiliyamikira pa zinthu ziwiri. Coyamba, silinama ndi kutonthoza. Linena kuti angakhale akadamtsekereza, mwina Abedi akadaphulitsabe, koma akufa akadacepa ndithu. Caciwiri, lilondola colakwa kufikira kwa akuru: kwa eni nyumba amene sanayese bwino coopsa, kwa olemba alonda nchito amene sanawaphunzitse kokwanira, ndi kwa apolisi a njanji amene panalibe mmodzi wa iwo m'bwalomo pa nthawi yoyenera.

Koma tiri nako kudandaula. Maina a anyamata awiriwo alembedwa poyera pamodzi ndi zophophonya zao, ndipo dzina la munthu limamatira m'mutima koposa dzina la kampani. Tiopa kuti wowerenga mofulumira adzakumbukira anyamata, naiwala khonde limene akuru analisiya losapenyeka. Kodi mwana wopatsidwa khasu lopanda mpini timdzudzula kuti sanalime?

Ndiponso pali cinthu cimene bukuli licionetsa ndi mapangidwe ace omwe, cimene tikadakonda licinene mokweza. Woweruza anakhoza kulemba mayendedwe a Abedi mphindi ndi mphindi, potsika sitima, polowa, poturuka ndi pobwerera, cifukwa makamera anasunga zithunzi zace. Makinawo anatumikira bwalo la mirandu bwino lomwe, atapita masiku. Ana amene anali kuturuka pakhomo sanawatumikire. Kamera yopanda munthu wocenjera pambuyo pace iri mboni cabe, ndipo mboni ilankhula maliro ataikidwa kale. Madzi akataika saoleka.

Mai Figen Murray, amene mwana wao Martyn Hett anafa usiku umenewo, sanaleke kudandaulira Boma; m'May 2024 anayenda pansi kucokera ku Manchester kufikira ku London. Pa 3 April 2025 Mfumu inabvomereza lamulo lochedwa Martyn's Law. Lilamula kuti malo osonkhana anthu 200 kapena oposa akonzeretu njira za kuturutsa anthu, kutseka zitseko ndi kucenjezana. Ndipo malo a anthu 800 kapena oposa acite zoposa, monga kupenyerera nyumba ndi pozungulira pace. Tiyesa kuti lamuloli lagwira pamutu pa nkhani, pakuti liyamba ndi cocita anthu.

Cifukwa cace iye amene asunga nyumba ya masewera asadzitame ndi kucuruka kwa makamera ace. Aimirire yekha m'ngodya zonse, aone kumene makina sapenya, natumeko munthu wa miyendo. Ndipo aitane mlonda wamng'ono koposa onse, namfunse kuti, Ukaona cokaikitsa udzauza yani, ndipo wailesi ikakana udzatani? Mlondayo akakhala cete, nyumbayo iribe mlonda.