Mawu Atatu Amene Anawonjezedwa

Nyuzipepala ya New York Times inalimbikitsa owerenga ake kuvotera Barack Obama mu 2008, n'kubwerezanso mu 2012. Mkuluyu anali atalonjeza boma losabisa kanthu. Koma mu Meyi 2013 zinadziwika kuti unduna wa zachilungamo unatenga mwachinsinsi ndandanda ya miyezi iwiri ya mafoni a atolankhani a Associated Press. Mwezi wotsatira, zimene Edward Snowden anaulula zitayamba kutuluka, nyuzipepalayi inalemba ndemanga yakuti boma la Obama silingakhulupiridwenso ngakhale pang'ono.

Chiganizo chimenecho chinalemera chifukwa cha pakamwa pomwe chinatuluka. Chikhala kuti anachinena a Republican, anthu akanangoti ndi nsanje ya ogonja pachisankho.

Tsono pasanathe maola ambiri, akonzi anawonjezera mawu atatu a Chingerezi otanthauza "pa nkhani iyi". Iwo anati akungomveketsa bwino tanthauzo, ndipo mwina n'zoona, pakuti ndemangayo inkakamba za ukazitape wa boma. Komabe ine ndikawerenga ziganizo ziwirizo motsatizana, ndimamva kholo lomwe lakalipira mwana wake pagulu, kenaka n'kumunong'oneza kuti nsima yake ili pamoto.